Bakha, Diso ndi Kompyuta: Mbiri ya Makina Oyeza Chuku mu Mtedza Wathu

 Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndiye ndati tikambirane mbiri ya chinthu chimene ambirife sitidachionepo ndi maso, koma chili ndi mawu pa mtengo wa zimene timalima, ndiponso chimadziwa zimene zili m'mbale za ana athu. Ndikunena makina oyeza chuku mu mtedza, pamodzi ndi kompyuta imene imawayendetsa. Ine geni yanga ndi ya mtedza ndi nyemba pamsika wa Mitundu, masiku ena ku Nathenje, choncho ndifotokoza monga timalankhulira pabenchi. Khalani pansi, nkhaniyi ndi yotalikirapo, ndipo ikuyambira kutali.

MTEDZA USANAKUMANE NDI MAKINA

Mtedza si mbewu ya makolo athu akalekale ayi. Yathu yeniyeni ndi nzama. Mtedza kwawo ndi ku South America, ndipo adauolotsa nyanja ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Koma udakhazikika ngati mkamwini wakhalidwe, moti lero palibe angaganize za nkhwani wotendera, futali kapena phala la mwana popanda nsinjiro.

Dera lathu lino, kuchokera m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama kudutsa Mitundu ndi Nathenje mpaka kukafika ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndilo nkhokwe ya mtedza m'Malawi. Mu 1968 boma, ndi ngongole ya World Bank, lidayamba chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme. Adalambula misewu, kukumba mijigo, kumanga misika ndi kupereka mbewu pangongole, ndipo chimanga ndi mtedza ndizo zidali patsogolo. Famu ya ng'ombe ya Dzalanyama idabadwanso m'chitukuko chomwecho. Mu 1971 ADMARC idalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo mlimi wamng'ono adalibe kwina kogulitsa koma kumeneko.

Funsani agogo anu za Chalimbana wa nthawi imeneyo, wa maso akuluakulu uja. Ankakwera sitima ya pamtunda kupita ku madoko a Beira ndi Nacala, n'kuoloka nyanja kukadyedwa ku Britain, matani masauzande makumi angapo pa chaka. Zida zoyezera pamsika zidali zitatu basi: diso loona ngati mtedza ndi wosalala, dzino loluma kuti umve ngati wauma, ndi sikelo. Palibe ankafunsa za chinthu chosaoneka.

NKHUKUNDEMBO ZA KU ENGLAND

Chinthu chosaonekacho chidadziwika mu 1960. Chaka chimenecho ku England nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa m'miyezi yowerengeka. Zinkasiya kudya, kufooka, n'kufa khosi litapindikira kumbuyo. Madokotala a ziweto adasowa dzina la nthendayo mpaka adangoitcha Turkey X, X kutanthauza kuti chosadziwika. Atafufuza adapeza kuti makola onse okhudzidwa ankadyetsa chakudya chosakaniza ndi m'gaiwa wa mtedza wochokera ku Brazil. Nthawi yomweyo kudamvekanso kuti ku Kenya ndi ku Uganda tiana ta abakha tikufa mofananamo titadya zotsalira za mtedza wakomweko.

Mu 1961 akatswiri a ku London, ena a iwo a ku Tropical Products Institute, adagwira wakubayo. Idali nkhungu yobiriwira mwachikasu imene imakhala m'dothi, dzina lake la sayansi Aspergillus flavus. Poizoni amene nkhunguyi imatulutsa adamutcha aflatoxin, potenga zilembo zoyamba za dzinalo. Ife kuno zonse ziwiri timangoti chuku, koma musiyanitse: nkhungu nthawi zina imaoneka, poizoniyo saoneka, sanunkha, ndipo ngakhale mukazinge mtedza mpaka kupsereza, satheratu.

Tsopano funso lidali lakuti, chinthu chosaoneka uchiyeza bwanji? Musaseke, chida choyamba chidali bakha. Ankatenga kamwana ka bakha ka tsiku limodzi, kukamwetsa madzi otsukuluza mtedza wokayikitsawo, kudikira masiku angapo, kenaka n'kukang'amba kuti aone chiwindi. Chiwindi chikaonongeka ndiye kuti mtedzawo ndi woipa. Bakha ankanena zoona, koma sankatha kunena kuti poizoniyo ndi wochuluka bwanji kwenikweni, ndipo yankho linkachedwa.

Posakhalitsa adatulukira kuti poizoniyu amawala akamuunika ndi nyale yapadera ya UV m'chipinda cha mdima. Ankadontheza madzi a mtedza pagalasi lopakidwa ufa woyera, madziwo n'kumakwera pang'onopang'ono monga mafuta amakwerera pachingwe cha koloboyi, ndipo poizoni ankatsalira pamalo pake ngati kadontho kowala. Madontho ena ankawala mtundu wa buluu, ena wobiriwira. Apo ndipo padachokera maina amene mumaona pamapepala a labotale, B1 ndi B2 a buluu, G1 ndi G2 obiriwira. Woopsa kwambiri ndi B1. Njirayi idali yachangu kuposa bakha, koma woweruza lidali diso la munthu, poyerekeza kuwala kwa dontho ili ndi dontho ilo. Anthu awiri ankatha kuona galasi limodzi n'kupereka mayankho awiri.

Uku akuyeza, madokotala nawo ankalondola mapazi a poizoniyu mwa anthu. Kafukufuku wa ku Inhambane, ku Mozambique, adaonetsa kuti kumene anthu ankadya aflatoxin wambiri, khansa ya chiwindi idalinso yambiri. Mu 1987 bungwe la IARC, la pansi pa WHO, lidaika aflatoxin m'gulu loyamba la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa munthu. Chiopsezo chimakula kwambiri kwa munthu amene ali kale ndi kachirombo ka hepatitis B.

MSIKA UDATIPULUMUKA BWANJI?

Mumamva anthu akuti Azungu adatitsekera msika wa mtedza chifukwa cha chuku. Ndi zoona, koma ndi theka la nkhani. Malonda a mtedza wathu kunja adagwa m'zaka za m'ma 1980, malamulo okhwima a ku Ulaya asanabwere. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu n'kumazungulira njira zazitali zodula. Mitengo imene mlimi ankalandira idali yotsika, ambiri n'kuchepetsa minda ya mtedza. Mu 1987 boma lidalola anthu wamba kugula mbewu, ndipo dongosolo losankha mtedza m'magiredi lidayamba kumasuka. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 mlimi wamng'ono adaloledwa kulima fodya wa bale, mitima n'kupita komweko. Onjezanipo matenda a kadukutu ndi kusowa kwa mbewu yabwino. Pamene ife tinkalimbana ndi zimenezi, maiko a China, Argentina ndi America adalanda malo athu.

Tsono pamene tinkati tibwerere, tidapeza pachipata pali mlonda watsopano. Mu 1998 maiko a European Union adagwirizana lamulo limodzi, lidayamba kugwira ntchito mu 1999: mtedza wopita m'kamwa mwa munthu usapitirire 4 ppb ya aflatoxin yense, ndipo B1 yekha asapitirire 2 ppb. Ku America malire a zakudya ndi 20 ppb.

Kodi ppb n'chiyani? Ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni imodzi. Tiyerekeze chonchi. Matumba 20,000 a makilogalamu 50 amakwana matani 1,000. Mutenge kasupuni kamodzi ka tiyi, kosadzaza mpaka phiri, kamene kamalemera pafupifupi magalamu 4, mukamwaze m'matumba onsewo mofanana. Imeneyo ndiyo 4 ppb. Kodi pali diso la mayi, ngakhale wosankha mwaluso chotani, limene lingaone zimenezo? Palibe. Kuyambira pamenepo woweruza wa mtedza adakhala makina, ndipo chigamulo chake ndi nambala yotuluka pakompyuta.

Lamuloli lidadzetsa mkangano waukulu. Mu 2001 Kofi Annan, ali mlembi wamkulu wa United Nations, adatchula kafukufuku wa World Bank woti Africa ikhoza kumataya madola 670 miliyoni pa chaka chifukwa cha malire amenewa. Ena adatsutsa kuti nambalayo ndi yokokomeza popeza malondawo adali atagwa kale. Koma onse adagwirizana pa chimodzi: wopanda makina oyezera alibe mawu pamsika wa kunja.

CHITEDZE

Makinawo adatipeza kudzera ku Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi amene ali panjira ya ku Mchinji, makilomita ngati 16 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, ndipo adatsegulidwa mu 1948. Mu 1982 bungwe la ICRISAT, limene likulu lake lili ku Patancheru pafupi ndi Hyderabad ku India, lidakhazikitsa pa Chitedze ntchito ya mtedza ya maiko a kum'mwera kwa Africa. CG7 wofiira uja tidzaza naye misikayu adatuluka kumeneko mu 1990. Pambuyo pake kudabwera Nsinjiro, Kakoma ndi Baka.

Vuto lidali mtengo woyezera. Kuyeza sampulo imodzi ndi makina akuluakulu kunkadya madola pafupifupi 25, ndalama imene kalabu ya alimi singakwanitse pa mulu uliwonse. Akatswiri a ICRISAT, motsogozedwa ndi Farid Waliyar, adatenga njira yotchedwa ELISA, imene idatulukiridwa ku Sweden mu 1971 ndi Eva Engvall ndi Peter Perlmann, n'kuikonza kuti iziyeza aflatoxin pamtengo wa pafupifupi dola imodzi. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 njirayi idafika ku Malawi, ndipo bungwe la alimi la NASFAM lidayamba kuigwiritsa ntchito posankha mtedza wotumiza kunja. Alimi a ku Mchinji adalandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004, mtedza wa Malawi n'kuonekanso m'masitolo a ku Britain.

TILOWE NAWO MU LABOTALE

Apa ndiye pagona nkhani, choncho tiyende pang'onopang'ono. Anthu amaganiza kuti umangoponya mtedza m'makina, kudina batani, yankho n'kutuluka. Ayi ndithu.

Ntchito imayambira pa thumba. Chuku sichimwazika mofanana ngati mchere mu ndiwo. Njere imodzi yovunda ikhoza kusenza poizoni wokwana kuipitsa thumba lonse, pamene zinzake masauzande zili bwinobwino. Paja amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ukatapa dzanja limodzi pamwamba ukhoza kuiphonya, kapena kuigwira n'kunamizira mulu wonse. N'chifukwa chake malamulo a ku Ulaya amati pa mulu waukulu atape malo 100 osiyanasiyana, asakanize, agaye zonse pamodzi.

Pa ufa umenewo amapimapo magalamu 20, kuthira mankhwala amadzi otchedwa methanol osakaniza ndi madzi, kukhutchumula kwa theka la ola, n'kusefa. Madzi osefedwawo amawadontheza m'kambale ka pulasitiki kokhala ndi timaenje 96, mizere 8 ya timaenje 12, ngati bawo ya tiana. Pansi pa kadzenje kalikonse adamatapo kale poizoni pang'ono. Kenaka amathiramo asilikali a m'magazi otengedwa kwa kalulu, amene ntchito yawo ndi kugwira aflatoxin basi. Zimene zimachitika m'kadzenjemo ife a pamsika timazidziwa bwino. Ogula akamabwera, mavenda a panjira akawatsekereza ambiri, ofika pabenchi pako amakhala ochepa. Chimodzimodzi, ngati mtedza uli ndi poizoni wambiri, asilikali ambiri amagwidwa ndi ameneyo, ofika pansi n'kumatirira amakhala ochepa. Akatsuka kambaleko n'kuthira mankhwala otulutsa mtundu, kadzenje ka mtedza wabwino kamachita chikasu chakuda bii, ka mtedza woipa kamatuwa. Zimayenda chobwerera: mtundu wochepa, poizoni wambiri.

Tsopano kambale kamalowa m'makina owerengera, kabokosi kofanana ndi pulinta, kolumikizidwa ndi chingwe ku kompyuta. Makinawo amawalitsa kuwala kudutsa m'kadzenje kalikonse n'kuyeza kuwala kumene kwatsala. Koma makinawo sadziwa kuti mtedza n'chiyani. Amangotulutsa manambala 96 opanda tanthauzo. Amene amawapatsa tanthauzo ndi munthu wokhala pakompyuta.

Choyamba amajambula mapu a kambaleko pasikirini, kuiuza kompyuta kuti kadzenje aka mulibe kanthu, utu muli poizoni wodziwika kale muyezo wake, aka ndi ka mtedza wa kalabu yakuti, aka ndi ka mulu wakuti. Akasemphanitsa mzere umodzi, mlimi wosamala amasenza mlandu wa mnzake. Chachiwiri amayang'ana timaenje ta poizoni wodziwika tija. Mukudziwa mmene a Malawi Bureau of Standards amayesera sikelo ndi miyala yawo ya kilogalamu imodzi, ziwiri, zisanu? Ndi zomwezo. Kompyuta imalumikiza manambala a timaenje timeneti kukhala mzere, ndipo mtedza uliwonse umaweruzidwa poulinganiza ndi mzerewo. Mzere ukakhota molakwika, wodziwa ntchito sapitiriza. Amataya kambale konse, ntchito ya tsiku lathunthu, n'kuyambiranso. Chachitatu amaiuza kompyuta kuti madzi a mtedza adawasungunula kangati. Akaiwala ziro mmodzi pamenepa, 40 ppb imasanduka 4 ppb, poizoni n'kulandira chiphaso. Sampulo iliyonse amaiika m'timaenje tiwiri, ndipo mayankho akasiyana kwambiri amabwereza. Ikapyola malire a mzere uja, amasungunulanso n'kuyezanso. Pomaliza amasunga zonse, kusindikiza pepala ndi kusaina dzina lake.

Palinso makina aakulu kuposa amenewa, otchedwa HPLC, amene ogula akunja amawakhulupirira kwambiri. Amenewa kompyuta simangowerenga chabe, imawayendetsa. Woyendetsa amalemba liwiro la pampu, kutentha kwake, kuchuluka kwa madzi oti jekeseni wa makinawo atape, ndi ndandanda wa timabotolo. Pampu imakankha madziwo kudutsa m'kapaipi kachitsulo kodzaza ufa wosalala, mmene mitundu inayi ya poizoni ija imasiyana liwiro ngati ana othamanga mpikisano. Uliwonse ukamatuluka umawala, ndipo pasikirini pamatukuka kaphiri. Timapiri tinayi totsatana, G2, G1, B2, B1. Kukula kwa kaphiri ndiko kuchuluka kwa poizoni. Woyendetsa amayang'ana ngati kompyuta yadula kaphiri pamalo oyenera, ngati mzere wapansi uli phee, ngati kampweya sikadalowe m'paipi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi ya odekha.

Muonjezepo za kwathu kuno. Magetsi akazima pakati pa ndandanda, makina amaima, ndipo akayaka ayenera kudikira kuti akhazikikenso. Mankhwala ena amafuna furiji usana ndi usiku. Pafupifupi chilichonse, kuyambira kapaipi kaja mpaka kabotolo ka poizoni woyesera, chimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Choncho mukamva kuti Mmalawi watulutsa nambala imene labotale ya ku Ulaya yaivomereza, dziwani kuti wagwira ntchito ya anthu awiri.

ZIMENE KOMPYUTA IDATIUZA ZA IFE ENI

Makinawa adabwera kuti atsegule msika wa kunja. Koma akatswiri athu atawatembenuza kuti ayang'ane kumudzi, zimene zidatuluka sizidali zokondweretsa.

Mu 2008 ndi 2009 gulu la ICRISAT, motsogozedwa ndi Emmanuel Monyo, lidatolera mtedza ndi nsinjiro m'makomo, m'misika ndi m'nyumba zosungira katundu m'maboma angapo. Mu 2008 pafupifupi theka la masampulo lidapyola 4 ppb, ndipo mu 2009 pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kusiyana kwa zaka ziwirizi kukutiphunzitsa kuti chuku chimayendera nyengo. Mvula ikadula mtedza usanakhwime, dothi n'kutentha, mbewu imafooka ndipo nkhungu imalowa mtedza ukadali pansi. Chiswe ndi khasu zikaboola makoko, khomo latseguka.

Pulofesa Limbikani Matumba, amene adagwirapo ntchito ku Chitedze ndipo pano ali ku LUANAR, yunivesite imene likulu lake ndi Bunda wathu yemweyu, adayeza zakudya za m'masitolo. M'zotsatira zimene zidatuluka mu 2014, chiponde chonse cha m'mabotolo chopangidwa m'dziko muno chimene adayeza chidapyola 30 ppb, china kupitirira 100. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2015 iye ndi anzake, ena a ku yunivesite ya Ghent ku Belgium, adaonetsa chinthu chimene chiyenera kutisowetsa tulo: kutumiza mtedza kunja kumaunjika poizoni pamsika wa kwathu.

Taganizani mmene zimayendera. Wogula wa kunja akufuna 4 ppb. Ndiye amayi amakhala pamphasa n'kusankha, kuchotsa wonyala, wosweka, wakuda, wobooka. Wabwino uja amayezedwa, wapambana, wakwera galimoto. Nanga wochotsedwa uja amapita kuti? Satayidwa ayi. Amabwerera pamsika pamtengo wotsika. Ndipo mtedza woipa ukausinja, manyazi ake amabisika. Umasanduka nsinjiro za m'timapepala, umasanduka chiponde, umalowa m'phala la mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Wogula ndi mayi amene ndalama yake ndi yochepa. Mlimi nayenso amagulitsa wosalala, n'kusunga mphwephwa kuti azitendera ndiwo pakhomo. Poizoni amene adali womwazika m'matumba khumi tsopano waunjikana m'thumba limodzi, ndipo thumba limenelo ndi lathu.

Ife ogulitsa ndi alimi tilinso ndi mbali yathu, tisabisane. Kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, aliyense amakudziwa. Kunyowetsa kuti ulemere pasikelo, kumachitika. Kuyanika padothi kapena padenga pomwe mame ndi mvula yamawawa zimaupeza, kuthira m'thumba la pulasitiki usanaume, kusanjika matumba pasimenti popanda mitengo pansi, zonsezi ndi kuitana chuku ndi manja awiri.

Mwina mukuti, nanga bwanji sitikufa? Nthawi zina anthu amafa ndithu. Mu 2004 ku Kenya, m'maboma a Makueni ndi Kitui ndi oyandikana nawo, anthu 317 adadwala ndipo 125 adamwalira atadya chimanga cha chuku. Mu 2016 zidachitikanso m'chigawo cha pakati cha Tanzania, anthu 20 n'kutaya miyoyo. Koma kawirikawiri poizoniyu sachita phokoso. Amadya chiwindi pang'onopang'ono kwa zaka. Amadutsa mu mkaka wa ng'ombe yodya zachuku, ngakhalenso mu mkaka wa m'mawere. Kafukufuku wa ku Benin ndi ku Togo wa mu 2002 adapeza kuti ana okhala ndi aflatoxin wambiri m'magazi ndiwo adalinso opinimbira kwambiri. M'dziko ngati lathu, mmene mwana mmodzi mwa atatu aliwonse ndi wopinimbira, imeneyi si nkhani ya a labotale okha.

KOMPYUTA IKUCHEPA, FUNSO LIKUKULA

Mu 2013 dziko lathu lidakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi chuku yotchedwa MAPAC, ndipo alangizi akhala akuphunzitsa njira zosavuta. Kudzala ndi mvula yoyamba. Kupanga ngonyeka kuti madzi akhale m'munda. Kukumba pa nthawi yake. Kuumitsa mtedza usanathothole, pouunjika mozungulira makoko ali m'kati, pakati pali mpata wa mphepo, njira ija amati Mandela Cock. Kusunga m'makoko mpaka tsiku logulitsa. Kuswa wouma. Ndipo chachikulu, kusankha ndi manja, chifukwa makina omwewa atsimikiza kuti kuchotsa njere zoipa kumachotsa gawo lalikulu la poizoni. Diso la mayi silingaone 4 ppb, koma limaona njere imene yasenza poizoniyo. Chofunika n'chakuti chochotsedwacho chichokedi, chikwiriridwe kapena chitenthedwe, osati chizungulire kuseri n'kulowera khomo la kukhitchini.

Makinawonso akucheperachepera. Lero kuli timapepala tofanana ndi toyezera malungo tija. Umagaya mtedza, kusungunula, kuviika kapepala, ndipo pakatha mphindi zochepa kachida kogwira m'manja kapena tabuleti imawerenga mizere yake n'kutulutsa nambala. Ntchito imene mu 1961 inkafuna bakha ndi sabata yathunthu, lero ikhoza kuchitikira patebulo pansi pa mtengo. Malamulo ake sadasinthe: tapa malo ambiri, yesa chida chako ndi muyezo wodziwika, lemba dzina loyenera pa nambala yoyenera.

Ndiye onani ulendo wake. Tidayamba ndi chiwindi cha bakha, tidadza pa diso la munthu m'chipinda cha mdima, tidafika pa kompyuta ya mu labotale, tsopano tili pa chida cholowa m'thumba la malaya. Pa zaka zoposa 60 zimenezi luso loyeza lakula modabwitsa, ndipo Amalawi odziwa kuyendetsa makinawa alipo, ena amaphunzira pompano pa Bunda, mtunda woyenda panjinga kuchokera pamsika wa Mitundu. Chimene sichidasinthe kwenikweni ndi kumene makinawo amayang'ana. Thumba lopita ku Rotterdam kapena ku Johannesburg limayezedwa, limakhala ndi pepala losainidwa. Kapepala ka nsinjiro kopita m'phala la mwana wa ku Nathenje sikadutsa pa makina alionse.

Ine maganizo anga ndi akuti misika ikuluikulu ya mbewu, monga Mitundu, Nsundwe, Kamwendo ndi Chinkhoma, iyenera kukhala ndi tebulo loyezera chuku pa tsiku la msika, loyendetsedwa ndi achinyamata ophunzitsidwa bwino, monga mmene timakhalira ndi sikelo. Wogulitsa amene mtedza wake wapambana azilandira mtengo wokwererapo, chifukwa malinga ngati wosamala ndi wonyowetsa alandira ndalama imodzimodzi, wonyowetsa sadzasiya. Ndipo inu ogula, mphamvu ina ili m'manja mwanu lero lomwe: gulani mtedza wathunthu, sankhani nokha, tayani wokayikitsa, sinjani nokha.

Tsono ndikusiyireni mafunso, tikambirane m'munsimu. Kwanuko mtedza wochotsedwa posankha mumautcha chiyani, ndipo umathera kuti? Ngati muli m'gulu muno amene mudakhalapo pakompyuta ya makina amenewa, ku Chitedze, ku Bunda kapena ku Blantyre, tiuzeni mmene tsiku lanu la ntchito limayendera. Ndipo inu anzanga a geni, mtedza woyezedwa utamagulidwa mokwererapo, mungalole kuti thumba lanu alitape malo khumi anthu akuona?